Mikanjo Itatu Kumsana

Kukhoti lalikulu onse ankawatchula kuti Mayi Nsimbi. Anayamba kuchapa ndi kusita mikanjo ya oweruza pa 14 Ogasiti 1991, chaka chomwe amuna awo anamwalira, ndipo ana awo anakulira m'nyumba yonunkhira sopo ndi nsalu yotentha. Mkanjo wa woweruza supindidwa. Ukasitidwa umakolekedwa pa hang'ala, ndipo mayiwa ankaunyamula m'mwamba kuchokera kunyumba mpaka kukhoti. Msewu wonse unkadziwa ntchito yawo.

Kudziwikako kunawatembenukira aphungu atasintha malamulo aakulu a dziko kuti azikhala pampando zaka zisanu ndi zitatu, osafunsa anthu. Nkhani inapita kukhoti. Oweruza atatu anayenera kugamula Lachinayi, pa 9 Novembala, ngati kusinthako kukhale kapena kufafanizidwe. Anyamata a chipani cholamula anali atazinga kale mpanda wa khoti, akuimba kuti khoti lilibe mphamvu pa zomwe aphungu agwirizana. Lachiwiri lake anang'amba malaya a kalaliki pageti.

M'mawa wa Lachinayilo mikanjo inali lende pachitseko, yosalala bwino.

"Amayi, mukatuluka nazo zimenezi m'mwamba, akakuthyolani," anatero mwana wawo wamkazi. "Ingonenani kuti mwadwala."

"Ndiye majaji akaweruze atavala chiyani? Masuti a kuukwati?"

 Mayiwa anatsitsa mikanjo ija n'kuipinda, chinthu chomwe sanachitepo chiyambire. Anaikulunga m'thaulo, n'kuibereka kumsana ngati khanda, pamwamba n'kuikapo kachipewa ka mdzukulu wawo.

Pafupi ndi geti mnyamata wina wonyamula chibonga anawaimitsa.

"Si inu mumasita za majaji inu, mayi? Lero zili kuti?"

"Ndinasiya, mwanangu. Ndikungodutsa, ndikupita ndi mdzukulu kuchipatala."

Mnyamatayo anatambasula dzanja kuti avundukule nsalu. Mayi aja anafulumira kulankhula.

"Akusanza, kwinaku akutsegula m'mimba. Mkulu wake tinamugoneka dzulo."

Dzanja lija linabwerera msanga. "Dutsani, agogo, musatipatsire."

Anazungulira kukhomo lakuseri, mlonda n'kuwatsegulira. M'chipinda chovalira anamasula katundu uja. Mikanjo inali makwinya okhaokha, wina utanyowa ndi thukuta la kumsana, ndipo nsimbi munalibe m'menemo.

Woweruza wamkulu, mayi wa imvi, analowa n'kuyang'ana mikanjo ija.

"Abwana, mundikhululukire. Ndinaopa."

Woweruzayo anatenga mkanjo n'kuuvala momwemo. Anayesa kumanga batani kawiri, osatheka.

"Tandimangireni, amayi. Manja angawa lero si anga."

Chigamulo Mayi Nsimbi anachimvera kuseri kwa chitseko. Aphungu ali ndi mphamvu zopanga malamulo, anatero woweruza, koma sangadziwonjezere okha nthawi popanda kufunsa eni dziko. Choncho kusinthako kwafafanizidwa. Miyala inayamba kugwa padenga. Mayi Nsimbi anakhala pansi, kutali ndi zenera, mpaka apolisi atabalalitsa gulu.

Lolemba lotsatira khoti linagula nsimbi ndi tebulo, ndipo mayiwa anayamba kusitira komweko mpaka pamene anapuma ntchito. Mnyamata wa chibonga uja anadzatsegula kabenchi kosokera nsapato pakona ya msewu wawo. Mayi akamadutsa, iye ankakweza mutu n'kufunsa, "Agogo, mdzukulu uja anachira?"

"Anachira, mwanangu," ankayankha choncho akufulumiza miyendo, osadziwa ngati akufunsa mwachifundo kapena anazindikira.