Mbava yopanda mapazi

Ine ndalondolapo akuba ng'ombe kuchoka ku Chapananga mpaka kumalire a Mozambiki, wapansi. Funsani aliyense. Ndikakuwa ine, ngakhale mudzi wachitatu unkatuluka ndi zibonga. Zilembo zimandivuta, inde, koma phazi la munthu pafumbi ndimaliwerenga.

Madzi osefukira atatigwetsera nyumba, ndinagulitsa ng'ombe yanga yomaliza pa Ngabu kuti ndikamange kumtunda. Wogulayo anati ndalama za masiku ano siziyenda m'thumba, nandiikira m'foni. Posakhalitsa kunabwera uthenga, ati ndasankhidwa kulandira malata a anthu ovutika ndi madzi. Kenako anaimba mwamuna waulemu, wa Chisena chosalala, kumanditchula kuti baba. Anapempha nambala yanga yachinsinsi kuti malatawo asapite kwa wina. Ndinamuuza mokweza, kawiri, kuti asaphonye.

Nditapita kwa ejenti kukatapa za simenti, anayang'ana foni, nayang'ana ine.

"Madala, muno asesamo."

Tsono kwathu kuno mbava ikalowa m'khola, umayamba watseka pomwe yalowera, kukanena pambuyo. Mbava iyi inalowera m'foni. Foniyo ndinaiphwanya ndi mpini wa khasu, kakhadi kake komwe, zidutswa ndi kuponya m'chimbudzi. Ndipo ndinatenga chingwe chomwe ndinkamangira ng'ombe ija, ulendo wa kupolisi, monga tinkachitira kale.

Wapolisi anali mayi, wofatsa ndithu. Anandipatsa mpando.

"Tione uthengawo, agogo. Ndi nambala yomwe anaimbira."

Ndinamufotokozera za mpini.

"Nanga chingwechi n'cha chiyani?"

"N'cha ng'ombe yabedwayo."

Sanaseke. Bola akanaseka, ndikanapeza pokalipira. Analemba zonse, nati akafunsa kukampani ya mafoni, mwina china chake chipezeka, koma ndisadalire. Anthu amenewa amasintha nambala ngati malaya.

"Ndionetseni kokha komwe walowera," ndinatero, "kwinako ndilondola ndekha."

"Alibe kolowera, agogo. Mwina ali ku Blantyre, mwina ali pabenchi panjapo."

Potuluka ndinayang'anadi mapazi a anthu a pabenchipo, mmodzimmodzi.

Akazi anga akugonabe m'tenti yomwe tinapatsidwa nthawi ya madzi, yang'ambika kale mbali ya kumutu. Mitambo yayambanso kuunjikana kuphiri. Njerwa zomwe ndinaumba kumtunda zili pamtetete, zosawotcha, ndipo mvula yoyamba ikagwa zibwerera kudothi. Chingwe chija akazi anga akuyanikapo zovala.