Mwera wa mu Okutobala

Matipate atangoyamba kumene, kwathu ku mapiri a Ntchisi mvula inadula chimanga chisanamasule. Amuna anga, omwe kwawo n'ku Nkhotakota, anaganiza zobwerera ku ntchito yawo yakale ya pa ngalawa ya matanga. Nkhondo ya ku Mozambique inali itatha, ndipo amalonda ankawolotsa shuga ndi sopo kukasinthanitsa ndi chinangwa chouma kutsidya kwa nyanja.

Nthawi imeneyo apongozi anga aamuna ankakhala nafe chifukwa maso awo anali atachita khungu. Iwo anakalambira pa ngalawa, ndiye ndiwo anasankhira mwana wawo nyengo yonyamukira.

"Mu Okutobala mwera umakhala utagona," anatero. "Pita, ukawoloka bwino."

Amuna anga atapita, m'mawa wina ndikugalauza m'munda ndinamva mphepo yozizira ikundiwomba kuchokera kummwera. Imeneyo inali nyengo yotentha, yoti munthu amagona osafunda. Pofika masana udzu wa padenga la khitchini unali utasasuka.

Ine ndi apongozi tinkapatsana ulemu wa patali, osayang'anana kumaso. Koma tsiku limenelo ndinawapeza ataima pakhomo, ndodo ili m'manja.

"Amayi, ndiperekezeni paphiri pamene pamaonekera nyanja."

Ndinagwira nsonga ya ndodo, iwo kumbuyo, mpaka tinafika pathanthwe. Kunsi kutali, nyanja inkaoneka ngati kansalu kotambasula.

"Mukuona mtundu wanji?"

"Yodera, bambo."

"Zoyera zilipo?"

"Zilipo timizeremizere."

"M'mphepete mokha, kapena mpaka pakati?"

Ndinafuna kunama, koma ndinalephera. "Paliponse."

Anakhala pansi, ndodo n'kugwa. Anandiuza kuti mafunde akaoneka oyera kuchokera kuno, ndiye kuti pakatipo atalika kuposa nyumba. Anati chibadwire sanaonepo mwera mwezi umenewu. Kenako anayamba kuwerengera chamumtima pamene ngalawa ingakhale itafika, osandiuza yankho.

Tinkakwera phirilo m'mawa uliwonse. Wailesi inkangokamba za zipani. Ogulitsa usipa obwera pa njinga ankanena zosiyanasiyana: wina akuti ngalawa ina yamira, wina akuti ayi, ndi bwato la asodzi. Ndinali ndi pakati, ndipo mayi anga ankandikalipira kuti ndileke kukwera mapiri. Sindinaleke. Mphepo itatha, nyanja inachita bata, koma uthenga sunabwere.

Amuna anga anatulukira mvula yoyamba itagwa kale, atawonda, zikhatho zili mabala okhaokha a zingwe. Anafotokoza kuti mwera unawapeza pakati penipeni. Mlongoti unathyoka, katundu yense anamutaya m'madzi, ndipo mnzawo wina anakokoloka akuyesa kutsitsa thanga. Otsalawo anakatsakamira pagombe lina la ku Mozambique, komwe anakhala akusema mlongoti watsopano.

Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa dzina la malemuyo. Atalimva anaphimba nkhope ndi manja, pakuti anali mwana wa mnzawo amene ankayenda naye panyanja kale.

Chaka chotsatira mwini ngalawa anatumiza munthu kudzaitana amuna anga. Iwo anapita kukafunsa bambo awo za nyengo yabwino.

"Usandifunsenso ine," anayankha. "Mphepo za masiku ano sindikuzidziwa."

Amuna anga anambweza munthuyo, ndipo sabata yomweyo anakalembetsa utenanti pa esiteti ya fodya kufupi ndi Mponela.