Kope langa linachotsera azakhali anga anansi

Ndikuvomera kuti ndine ndinawononga mbiri ya azakhali anga ku Zóbuè. Ndinawononga ndi kope ndi cholembera basi.

Ndinakulira m'tauni ya Moatize, ku Bairro 25 de Setembro, ndipo ndinalowa yunivesite migodi ya malasha ili pachimake. Pulofesolo wathu wa zamalonda anali wochokera kunja. Ankati malonda saphunzirira pa bolodi: tuluka, funsa anthu mwachindunji, lemba zonse, usataye nthawi ndi moni wautali. Ine ndinameza mawu amenewa osatafuna.

Ganizo langa linali loti ndizigula mbatatesi ku Zóbuè n'kumagulitsa m'malo odyera anthu a kumigodi. Ndinakafikira kwa azakhali, mlongo wa bambo anga, amene anabwerako ku Malawi nkhondo itatha n'kupatsidwa munda m'mudzi wina wa kumeneko. Ataona kope langa anati, "Mwanangu, yamba wakhala pansi. Anthu adziwe kaye kuti ndiwe mwana wa yani." Ine mumtima ndinaseka kuti izi n'zachikale.

M'mawa ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo. Moni wake wa chiimire, kenako mafunso: dzina lanu ndani, muli angati pakhomo pano, munda wanu ukuthera pati. Minda ina ndinkachita kuiyeza ndi mapazi. Anthu ankayankha mwaulemu, ine n'kumati zikuyenda.

Inu owerenga, sindinkadziwa kuti mafunso omwewa ndi amene anafunsidwa anthu amene anasamutsidwira ku Mualadze chifukwa cha malasha. Bambo wina m'mudzimo anali ndi mchemwali wake kumeneko. Ndisanakwere n'komwe galimoto yobwerera, mbiri inali itawanda kuti azakhali abweretsa munthu wa kampani ya malasha kudzalemba minda.

Kusukulu pulofesolo ataona zimene ndinalemba m'kopemo anandiyamikira pamaso pa anzanga, n'kundipatsa mamakisi oposa onse. Ndinayenda mapewa m'mwamba sabata yathunthu.

Patatha miyezi iwiri ndinabwerera kukagula mbatatesi zija. Palibe anandigulitsa ngakhale chitini chimodzi. Azakhali ndinawapeza akukumba okha m'munda, pomwe chaka chilichonse amayi anzawo ankabwera kudzathandizana. Kutchalitchi ankakhala pabenchi paokha. Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinayenda m'makomo kupepesa, nthawi imeneyi nditakhala pansi ndithu, koma madzi akatayika sawoleka. Ena anandikhululukira pakamwa, koma kumunda kwa azakhali sanabwererenso onse mpaka lero.

Sindikunena kuti pulofesolo uja ananama. Kwawo mwina kulemba dzina la munthu n'kumulemekeza. Kwathu kuno, amene wabwera ndi kope osakhala pansi amatengedwa ngati wadzatenga malo.

Inu amene mukutumidwa kumidzi kukaphunzira malonda, kope likhale m'chikwama mpaka akufunseni okha kuti mwadzatani. Ine ndinalakwa tsiku limodzi n'kukwera galimoto. Amene anatsala m'mudzimo ndi azakhali.