Chokoleti cha Kutsindwi

Kapepala kasiliva kaja ndinakasunga zaka zambiri m'buku langa la katekisimu. Ndinali nditakasalaza ndi chikhadabo mpaka makwinya onse atatha, koma fungo la utsi silinathe. Mpaka lero munthu akatchula chokoleti, mphuno yanga imathamangira kukhitchini kwa amayi, m'mudzi wathu wa m'mapiri a kum'mawa kwa Madisi.

Inali nthawi ya Chitaganya, ndili kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu kapena kuposerapo pang'ono, poti kalelo zaka sitinkaziwerenga bwino. Bambo anali ku Halale chaka chachitatu, ati ankaphika kwa mzungu. Atsibweni, alongo awo a amayi, nawonso ankagwira ntchito komweko, ndipo chaka chimenecho anabwerako mvula ili pakati, anthu atayamba kuthyola fodya. Anatsegula sutikesi natulutsa bulangete, sopo, ndi kanthu kotalika ngati chikhatho changa, kokutidwa ndi pepala lofiira, siliva akusuzumira m'mphepete.

"Izi apereka ndi alamu," anatero. "Ati ndi bisiketi ya chokoleti, ana alawe. Eni ake afika pa Pasaka."

Ponena mawuwa ankayang'ana nsapato zawo. Ine ndinkayesa akuzinyadira, poti zinali zatsopano.

Ine ndi mlongo wanga wamng'ono tinali titatambasula kale manja, koma amayi anapukusa mutu. Inali nyengo ya Lenti, ndipo pakhomo pathu Lenti sinali yocheza. "Tidzadya bambo anu akafika, tonse anayi," anatero, nkhani n'kuthera pompo.

Vuto linali posunga. M'nyumba munali nyerere, munali makoswe, munalinso makoswe ena awiri a miyendo iwiri amene amayi ankawadziwa bwino. Malo okhawo amene ankawakhulupirira anali kutsindwi la khitchini, pamwamba pa moto, pamene tinkapachika chimanga cha mbewu kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Anakulunga chokoleticho m'kansanza, nakwera pamtondo, nachitsomeka mu udzu. Kwa iwo chinthu chamtengo wapatali malo ake anali omwewo. Palibe anawauza kuti chinthu chimenechi ndi moto siziyenderana. Akanawauza ndani, m'mudzi monse mulibe amene anachionapo?

Kusukulu ndinadzitama mpaka anzanga anatopa nane. Nkhani inafika kwa aphunzitsi, amene ankadziwa mayina a mitsinje ya ku Ulaya ngati kuti anasambamo. Iwo anati ndi chakudya cha azungu, chimaoletsa mano, ndipo mwana wanzeru sachiganizira. Lero ndikukayika ngati iwowo anali atachilawapo. Munthu amene anachilawa sangachinyoze mwachangu choncho.

Lenti ya chaka chimenecho inatalika kuposa zonse. Ndinayamba kudzipereka kusonkha moto, kutsuka miphika, chilichonse chondilowetsa m'khitchini, mpaka amayi anafunsa kuti ulesi wanga ndaugulitsa kwa yani. Ndinkakhala pachikuni, maso akuyabwa ndi utsi, khosi lili m'mwamba, kuyang'ana kansanza kaja. Pa Njira ya Mtanda ndinkapemphera ndi mtima wonse kuti bambo afike bwino. Ndinene zoona, sindinkapempherera bambo ayi. Nkhope yawo inali itayamba kundithawa. Ndinkangokumbukira chipewa chawo ndi mluzu umene ankaimba pomanga fodya.

Loweruka Loyera amayi anazira nyumba yonse ndi dothi lakuda, nachapa nsalu yawo yabwino. Pa Pasaka titabwerako ku Misa anapha nkhuku, naiphika, naivindikira, kenaka anakhala pakhonde kuyang'ana njira yochokera ku Madisi. Aliyense wotulukira pakhwawa paja ankawadzutsa pang'ono, n'kukhalanso pansi. Nkhukuyo tinaidya dzuwa likulowa, msuzi utagwirana. Mlongo wanga atafunsa za kutsindwi, amayi anangoti, "Mwina mzungu wawakaniza. Abwera pa masika."

Masika anafika. Tinakumba mtedza, tinakolola chimanga, fodya anapita kumsika. Kansanza kaja kanada bii, mwaye ukulendewera. Ife tinaleka kufunsa, chifukwa funsolo linkawasandutsa amayi munthu wina, waukali pa zinthu zazing'ono. Ndinawakwiyira kwambiri masiku amenewo. Ndinkati ndi ouma mtima, ndipo ndinauza anzanga choncho.

Tsiku lina mwezi wa Juni, kukuwomba mphepo yozizira, atsibweni anabwera kudzatsazika kuti akubwerera ku Halale. Linali Lachiwiri wamba. Anatengana ndi amayi kuseri kwa nkhokwe, nakhalako nthawi yaitali, ife tikutongola mtedza pamphasa. Zimene anakambirana ndinadzazimva ndili wamkulu kale, kwa atsibweni omwewo. Bambo anali atakwatira kumeneko, mwana ali kumsana, ndipo za Pasaka zija atsibweni anangozipeka atasowa poyambira. Ngakhale chokoleticho anagula ndi iwo, kuti asafike kwa ana a mlongo wawo opanda kanthu kochokera kwa bambo.

Atsibweni atapita, amayi analowa m'khitchini osatiyang'ana. Tinamva mtondo ukukokedwa. Anatuluka ndi kansanza kaja ndi mpeni, nakhala pamphasa pakati pathu.

Chinali chitasintha. Chinasungunuka ndi kuumanso kambirimbiri pamwamba pa moto paja, mpaka chinaphwatalala, mbali ina yonenepa, ina yopyapyala, pamwamba pake patayera ngati pawazidwa phulusa. Siliva anali atamatirira, ndipo amayi anamusenda pang'onopang'ono ndi nsonga ya mpeni. Kenaka anadula patatu.

"Nanga cha bambo?" anafunsa mlongo wanga.

"Idyani," anatero amayi.

Ndinaika kachidutswa kanga palilime osatafuna. Kanayamba kusungunuka kokha, kosalala, kolemera ngati mafuta, n'kumata kumwamba kwa m'kamwa. Kutsekemera kwake kunaposa misale, kunaposa uchi, koma kumbuyo kwake kunkabwera kakuwawa kofanana ndi mtedza wopserera. M'kati munali bisiketi ya timagawo topyapyala tosanjikizana, imene inali itafewa ndi chinyezi, ndipo inkangophwanyika mwakachetechete. Pamwamba pa zonsezi panali utsi, utsi wa nkhuni zathu zomwe, wa miyezi inayi. Ine ndinkayesa ndi mmene chokoleti chimakomera. Patapita zaka zambiri ndinagula china m'sitolo ku Lilongwe. Bisiketi yake inalira m'mano, utsi munalibe, ndipo ndinangotsala pang'ono kukabweza kuti andigulitsa chowonongeka.

Amayi anadya chawo chonse, osatisiyirako monga ankachitira ndi zinthu zina zokoma. Anatafuna pang'onopang'ono, maso ali pamtedza, n'kumeza movutikira ngati munthu womwa mankhwala a mizu. Ine ndinali kunyambita zala, kuwerengera mumtima kuti chinthu chodula patatu chimakula kuposa chodula panayi. Ndinasangalala, ndipo chisangalalocho sindinathe kuchisunga.

"Bola bambo sanabwere," ndinatero. "Chikanachepa."

Mawu ocheperapo kuposa amenewa ankandipezetsa khofi. Ndinabisa mutu m'mapewa kudikira dzanja. Dzanjalo linabweradi, koma linagwira chibwano changa, ndipo amayi anandipukuta pakamwa ndi m'mphepete mwa nsalu yawo, nthawi yaitali, ngakhale panalibenso chopukuta. Ndinkaganiza kuti ndapulumuka chifukwa kutsekemera kwawafewetsa mtima. Sindinkadziwa kuti masana amenewo, podula patatu paja, amayi anali ataleka kudikira mwamuna wawo, ndipo mawu oyamba amene anamva atameza chawo anali angawa.