Chimimba cha Kapitawo pa Khoma la Laimu

A Nakhumwa sankatha kulemba ngakhale dzina lawo, koma akagwira khala, dziko linkaseka. Anawoloka Muloza zaka zija tiyi atangoyamba kubzalidwa ku Mulanje, nakhala pa esiteti ya mzungu, kulipira malo ndi thangata. Nyuzi nthawi imeneyo zinali za azungu okhaokha. Ya anthu wamba inali khoma la nyumba yosungiramo tiyi.

Tsiku lina anajambulapo kapitawo, chimimba ngati nkhokwe, atakwera pamsana pa mayi wothyola tiyi.

"Mufafanize, apo ayi musamuke pano," anatero kapitawoyo.

"Yambani mwachepetsa mimbayo, bwana. Ine ndimajambula zomwe ndaona."

Yankho limeneli linawatayitsa munda. Anawapakitsa laimu pakhomapo, kenako nkuwathamangitsa chimanga chisanakhwime. Amene amati a Nakhumwa anali amwano ndi wabodza, mukamuuze choncho.

Koma kapitawo uja sankadziwa kuti laimu akanyowa sabisa kanthu. Chiperoni chikangowaza, chimimba chija chinkaonekeranso pakhoma, ndipo amayi podutsa ndi madengu awo ankanong'onezana kuti, "A Nakhumwa abwera kudzationa."