Telala wa pa Makanjira

Che Sumani akhala akusoka pakhonde la golosale ina pamsika wa Makanjira kuyambira ali mnyamata. Kale telala anali okha dera lonselo, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Mtengo ankangoutchula. Wodandaula ankamuuza kuti akwere lole akasoketse ku Mangochi, koma ndani akanalimba mtima ndi msewu umenewo chifukwa cha malaya? Anthu ankasiya nsalu n'kumadikira, ena mwezi wonse wa Ramadhani, Idi n'kufika mkanjo ulibe manja.

Pabenchi lawo sipankasowa munthu. Asodzi obwera kudzakumbutsa za zovala zawo ankakhala pansi, kukumbutsako n'kusanduka macheza, mpaka dzuwa kufika paliwombo. Mkazi wawo, Abiti Shafi, ankabwera kudzawathandiza kusokerera mabatani.

Kenaka malole anayamba kutsitsa mabelo a kaunjika. Anyamata obwerera ku Joni anatsegula timashopu, n'kumagulitsa mikanjo yosokeratu. Wina akatsitsa mtengo, mnzake ankatsitsanso. Che Sumani ankauza aliyense kuti zimenezo n'zovala za tsiku limodzi, ndipo zina zinalidi choncho, zinkang'ambika m'khwapa munthu akangokweza mkono. Koma zina zinali zolimba kuposa zawo. Nawonso anatsitsa mtengo, anayamba kusunga tsiku lomwe alonjeza, koma anthu anali atazolowera kale kugula n'kuvala pompo.

Idi ina, potuluka kumapemphero, anakumana ndi Asiatu, mayi wamasiye wogulitsa usipa wouma, ali ndi ana ake onse atavala zogula pa kaunjika. Mayiyu kale ankabweretsa nsalu ya mwana mmodzi yekha, enawo azidikira chaka chinacho. Atawaona anayang'ana pansi.

"Musandidandaule, Che Sumani. Chaka chino ndakwanitsa onse."

Iwo anayankha kuti anawo atchenadi, ndipo sankanama. Kuyambira tsikulo anasiya kunyoza kaunjika.

Abiti Shafi anamwalira patapita zaka zingapo. Ana awo aamuna ali ku Joni, amaimba foni mwa apo ndi apo. Ntchito imene yatsala ndi yochepetsa mathalauza ndi kuika mazipi. Obweretsawo sakhala pansi. Amangosiya chovala, kufunsa nthawi yodzatenga, n'kumapita. Pena tsiku limatha Che Sumani atangolankhula ndi mwini golosale basi.

Mu Juni wathayu mwera unawomba masiku ambiri, Che Sumani n'kuyamba kutsokomola. Nsalu yochindikala yoti adzisokere jekete inali yodula kwambiri moti anangotseka makina, n'kulowera kumizere ya kaunjika kumene anali asanagulepo kanthu. Anyamata ogulitsawo sankadziwa n'komwe kuti munthuyu ndi telala. Atangogwira jekete lina lakuda, wa benchi loyandikana anawaitana kuti kwa iye n'kotchipa. Mwini jeketelo anatsitsa mtengo. Winayo anatsitsanso. Che Sumani anangoima pakati, osanenerera, mtengo ukugwa wokha. Analitembenuza jeketelo, n'kutsatira msoko wake ndi chala kuyambira m'khosi mpaka m'munsi.

"Amene anasoka ili amaidziwa ntchito," anatero.

Mnyamatayo sanamve, anali atayamba kale kuitanira wina.

Analigula jeketelo, koma manja ake anali aatali, ankabisa zala. Atafika kunyumba analivala, natenga choko kuti alembe podula. Koma akapinda mkono kuti alembe, dzanja la jekete linkakwera, akauwongola choko sichinkafika bwino. Ntchito imeneyi imafuna munthu wina woima pambali. Anayesa kangapo, kenaka anasuzumira panja ngati pangadutse womudziwa. Panadutsa wakabaza yekha, ali pa liwiro.

Anangopinda manjawo kawiri. Mpaka pano amalivala choncho.