Tsiku Limene Ndinafufuta "chita2"

Pulogalamu yanga yoyamba kugwiritsidwa ntchito ndi anthu ena ndinailembera pakhonde kwathu ku Phalombe, laputopu ili pamiyendo. Kanali kalaibulale kakang'ono: malamulo okonzeratu, oti wolemba mapulogalamu wina akangoitana lamulo pa dzina lake, uthenga uzipita pa mafoni a anthu. Ndinakaika pa intaneti kwaulere n'kukaiwala.

Mayina a malamulowo anali ochititsa manyazi. Loyamba ndinalitcha "chita". Litavuta ndinalemba lina, "chita2". Kenaka "chitanso". Patatha chaka, ine mwiniwake sindinkadziwa kuti lochita chiyani ndi liti. Loweruka lina ndinawasintha onse, "chita2" n'kukhala "tumiza_kwa_gulu", ndipo akalewo ndinafufutiratu. Kwathu kuno mwana akatuluka ku chinamwali dzina lakale limafera komweko, ndiye ndinkaona ngati mapulogalamunso ndi chimodzimodzi.

Lachitatu kunafika mayi wina pa kabaza, nsapato zili matope okhaokha. Anati ndi mlembi wa gulu la alimi a mpunga kuchigwa, ndipo anachita kufunsira njira kuti andipeze.

"Achimwene, 'chita2' mwamuika kuti?"

Ine m'malo mochita mantha ndinachita chidwi. Kalaibulale kanga kafika kumpunga? Ndinamupanikiza ndi mafunso: anakapeza bwanji, anaphunzira kuti kulemba mapulogalamu, alimiwo amawerengadi mauthengawo? Anandiyankha mwachidule, maso ali pa laputopu yanga. Pulogalamu yake inkauza mlimi aliyense tsiku lake lotsegula madzi a mu ngalande, ndipo inkatenga yokha zilizonse zatsopano zomwe ndaika pa intaneti. Kuyambira Lamlungu inkangoitana dzina lomwe kulibe. Uthenga sunapite ndi umodzi womwe. Akumtunda anatsegula madzi masiku atatu otsatizana, akumunsi nazale zawo n'kuyamba kuuma. Tsono popeza abale a mayiyo amalima kumtunda, anthu ankati wachitira dala.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinamuonetsa momwe mayina atsopanowo akumvekera bwino, mpaka ndinatchula za chinamwali zija.

"Ku chinamwali amasonkhanitsa mudzi wonse kuti umve dzina latsopanolo," anatero. "Inu munauza ndani?"

Sindinauze munthu. Sindinkadziwa n'komwe kuti kuli munthu woti ndimuuze.

Kubwezera dzinalo kunatenga mizere itatu yokha: woitana "chita2" azilozeredwa ku dzina latsopano, ndi kachenjezo pambali. Tinayesera pomwepo, foni yake n'kulira. Ine ndinasangalala ngati ndakonza zonse. Iye anangoika foniyo m'chikwama n'kumanga chitenje.

"Mauthenga apita, zikomo. Koma mawa kuli msonkhano wa gulu. Ndikawauze kuti mbande zawo zauma chifukwa wina sanalikonde dzina?"

Ndinamuperekeza mpaka kumsewu. "chita2" alipobe mpaka lero, kunyansa kwake komwe kuja, ndipo sindimukhudza.